MUTU 9: MAWU A CHINGEREZI OKAMBA ZA FODYA NDI KUSUTA

Chiyambi

Anthu a ku Bulawayo amautcha mzinda wawo m'Chindebele kuti koNtuthu Ziyathunqa, kutanthauza kuti kumene utsi umafuka. Dzinali limakumbutsa masiku amene mafakitale ndi sitima zoyendera malasha zinkadzaza utsi mumzindawu. Ntchito za m'mafakitale ndi za kunjanji zomwezo ndi zimene zinakoka anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, makamaka m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Zidzukulu zawo zilipobe m'makomboni monga Sizinda, Makokoba ndi Njube, ndipo malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Choncho m'kalasi mwanu mutha kukhala mwana amene amalankhula Chichewa ndi agogo ake, Chindebele posewera ndi anzake, ndi Chingerezi akalowa pa geti la sukulu. Mwana ameneyu mukamuuza kuti amasulire dzina la mzinda wake m'Chingerezi adzafuna liwu loti "smoke". Akakwera basi pa Renkini adzaona chikwangwani cholembedwa "No Smoking". Akapita kumsika adzamva za "smoked fish". Liwu ndi limodzi lomwelo, koma nkhani ndi zitatu zosiyana. M'mutu uno tiona mawu a Chingerezi okamba za fodya ndi kusuta, malo amene wolankhula Chichewa amapunthwa, ndi momwe inu aphunzitsi mungawaphunzitsire popanda kukopa mwana kuti ayambe kusuta.

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno mudzatha:
1. kusiyanitsa matanthauzo a liwu loti "smoke";
2. kugwiritsa ntchito mayina owerengeka ndi osawerengeka okhudza fodya;
3. kufotokoza aneni ndi mafunso amene amasokoneza olankhula Chichewa;
4. kuthandiza ophunzira kuwerenga zikwangwani ndi machenjezo;
5. kukonza phunziro lophunzitsa mwana kukana fodya m'Chingerezi.

Kodi n'koyenera kuphunzitsa mawu amenewa?

Aphunzitsi ena amadumpha nkhaniyi. Amati ukatchula ndudu m'kalasi ndiye kuti wawapatsa ana maganizo oipa, ndipo makolo akamva sangakondwe. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma taganizani izi. Mwana wa Giredi 6 amadutsa tsiku ndi tsiku pa tebulo la wogulitsa maswiti amene amagulitsanso ndudu imodziimodzi. Mwina amatumidwa ndi amalume ake kukagula. Amaonera mafilimu momwe anthu otchuka amasuta. Mawu a fodya akuwamva kale. Chimene sakumva ndi tanthauzo la chenjezo lolembedwa pa paketi, ndiponso mawu okanira mnzake akamupatsa ndudu kuseri kwa chimbudzi cha sukulu.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mwa iwo oposa 1 miliyoni ndi anthu osasuta amene amangopuma utsi wa anzawo. Anthu ambiri osuta amayamba ali achinyamata, asanakwanitse zaka 20. Ndiye kuti msinkhu umene mukuphunzitsawo ndi umene nkhondo ili pachimake. Uthenga wambiri wochenjeza, m'mabuku a sayansi, pa mapaketi ndi m'zipatala, umalembedwa m'Chingerezi. Tikabisa mawu, tabisa chenjezo. Chofunika ndi kusankha bwino mawu oti mwana azilankhula, mawu oti angowazindikira akamva, ndi mawu oti mudziwe inu nokha.

Liwu limodzi, ntchito zambiri

Chichewa chili ndi mawu osiyana pamene Chingerezi chili ndi liwu limodzi. Taonani ziganizo izi:

"There is smoke in the kitchen." M'khitchini muli utsi. Apa "smoke" ndi dzina.
"The fire is smoking." Moto ukufuka. Apa ndi mneni, koma fodya mulibemo.
"My uncle smokes." Amalume amasuta. Chingerezi sichifuna kuti mutchule fodya. Mneni akaima yekha ndi munthu ngati mwininkhani, aliyense amamva kuti ndi fodya.
"She smokes fish for sale." Amawamba nsomba zogulitsa. Palibe amene akukoka utsi wa nsomba!
"He went out for a smoke." Watuluka kukasuta. Apa dzina lija latenga "a" ndipo likutanthauza kusuta kamodzi. Awa ndi malankhulidwe ocheza.

Mwaona kuti utsi, kufuka, kusuta ndi kuwamba zonse zalowa m'liwu limodzi. Njira yabwino yophunzitsira ndi kuyamba ndi chimene mwana akudziwa. Lembani mawu anayi a Chichewawo pa bolodi, ndipo ana apeze okha kuti Chingerezi chake n'chimodzi. Mukhoza kuwonjezera Chindebele, pamene fodya ndi igwayi ndipo kusuta ndi ukubhema, kuti ana a zilankhulo zonse atenge nawo mbali.

Onaninso kusiyana kwa "smoke" ndi "smoking". Loyambalo ndi utsi weniweniwo, lachiwirilo ndi mchitidwe wosuta. Ophunzira amakonda kulemba "Smoke is a bad habit", pamene choyenera ndi "Smoking is a bad habit". Chizolowezi ndi kusutako, osati utsiwo. Miyambi nayo imathandiza. Ife timati utsi sufuka popanda moto, ndipo Angerezi ali ndi mwambi wa ganizo lomwelo, "There is no smoke without fire". Ana akayerekeza miyambi iwiriyi saiwalanso liwulo.

Fodya, ndudu ndi kawerengedwe kake

M'Chichewa munthu atha kunena kuti "ndigaireni fodya" akufuna ndudu imodzi. M'Chingerezi "tobacco" ndi mbewu kapena masamba ake, ndipo ndi dzina losawerengeka monga "sugar" ndi "water". Sitinena "a tobacco" kapena "two tobaccos" pa malankhulidwe a tsiku ndi tsiku. Chimene chimawerengedwa ndi "a cigarette", ndudu. Motero timati "much tobacco" koma "many cigarettes", "a little tobacco" koma "a few cigarettes". Ili ndi phunziro la galamala limene muli nalo kale m'silabasi, fodya wangokhala chitsanzo.

Liwu loti "cigarette" linachokera ku Chifalansa. Ndi "cigar" kuphatikiza "-ette", kachidutswa kosonyeza kuchepa, monga "ka" wa m'mawu oti kanyumba kapena kamwana. "Cigar" ndi ndudu yaikulu yokulungidwa ndi tsamba la fodya, pamene "cigarette" ndi yaing'ono yokulungidwa ndi pepala. Kunoko ena amati "cigar" akutanthauza ndudu wamba, ndipo polemba mayeso kumeneko n'kulakwa.

Mawu ena oyenera kuwadziwa ndi awa. Paketi ndi "a packet of cigarettes" m'Chingerezi cha ku Britain chimene timatsata m'masukulu athu, pamene Amereka amati "a pack". M'paketi mumakhala ndudu 20, ena 10. "A carton" ndi bokosi la mapaketi 10. Ndudu zogulitsidwa imodziimodzi ndi "loose cigarettes" kapena "single cigarettes". Mbali ya kukamwa ndi "filter", phulusa ndi "ash", mbale yotayiramo phulusa ndi "ashtray", ndipo kotsala kotayidwa pansi ndi "butt" kapena "stub". Machesi ndi "matches", mtengo umodzi ndi "a match", ndipo "lighter" ndi kachipangizo koyatsira ka gasi. Kaliwo ndi "pipe". Chingambwe chopichira papepala chimalowa m'gulu la "hand-rolled cigarettes". Fodya wa mphuno uja agogo amasunga m'kabotolo ndi "snuff", ndipo mneni wake ndi "take", osati "smoke": "My grandmother takes snuff." Ndi fodya ameneyu amene ali m'mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ntchito 1
Konzani ziganizo izi musanapitirire. Mayankho ali kumapeto kwa mutu.
a. "He bought three tobaccos."
b. "How much cigarettes are in a packet?"
c. "Smoke causes lung cancer, so do not start."
d. "My grandfather smokes snuff."

Aneni ndi nthawi zake

Apa Chichewa chimatithandiza kwambiri, chifukwa kusiyana kumene Chingerezi chimapanga tili nako kale. Ndimasuta ndi "I smoke", chizolowezi. Ndikusuta ndi "I am smoking", zochitika panopa. Ndinkasuta ndi "I used to smoke", zakale zimene zinatha. Awuzeni ana kuti "ma" wa m'kati mwa mneni amayenda ndi "smoke" wopanda chowonjezera, "ku" amayenda ndi "am smoking", ndipo "nka" amayenda ndi "used to". Mnyamata amene wapatsidwa ndudu nayankha kuti "I am not smoking" wangonena za nthawi ino, ndipo mnzakeyo adzabweranso mawa. Woyankha kuti "I don't smoke" watseka chitseko.

Chenjerani ndi "used to". Chiganizo choti "I used to smoke" chikutanthauza kuti ndinaleka. Koma "I am used to smoke" chikutanthauza kuti utsi ndinauzolowera, monga anganenere mayi wophika pa nkhuni. Kaliwu kamodzi koti "am" kasintha nkhani yonse.

Pali aneni a mawu awiri amene amamveka tsiku lililonse. "Light up" ndi kuyatsa ndudu. "Put out" ndi kuzimitsa, ndipo "stub out" ndi kuzimitsa potikita nsonga yake pa chinthu. Ophunzira ambiri amati "put off your cigarette" kapena "switch off", potengera kuzimitsa magetsi, poti m'Chichewa mneni ndi mmodzi, kuzimitsa. M'Chingerezi moto ndi ndudu zimafuna "put out". "Put off" ndi kuzengereza kapena kusuntha tsiku la chochitika. "Give up" ndi "quit" ndi kuleka, pamene "cut down" ndi kuchepetsa chabe. "Inhale" ndi kukokera utsi m'mapapo, "exhale" ndi kuutulutsa. Kukoka kamodzi ndi "a puff", ndipo liwu limeneli ndi limene anzawo amanyengerera nalo: "Just one puff."

Tsopano tafika pa msampha waukulu. Werengani ziganizo ziwiri izi mokweza:

"The driver stopped smoking."
"The driver stopped to smoke."

Choyamba chikuti dalaivala analeka kusuta. Chachiwiri chikuti dalaivala anaimitsa galimoto kuti asute. Matanthauzo ake ndi otsutsana kotheratu. Gwero la vutoli ndi loti m'Chichewa timati analeka kusuta, ndipo mwana anaphunzira kuti "ku" wa kumayambiriro kwa mneni ndi "to". Basi amamasulira liwu ndi liwu, n'kulemba m'chimangirizo chake kuti "My father stopped to smoke last year", akuganiza kuti akuyamikira bambo ake. Lamulo lake ndi ili: pambuyo pa "stop", "quit" ndi "give up", chinthu cholekedwacho chimatenga "-ing". "To" akabwera pambuyo pa "stop" akutanthauza "kuti" wa cholinga. Musangonena lamuloli. Itanani mwana ayende kutsogolo kwa kalasi akulemba m'kope, kenaka aleke kulemba: "He stopped writing." Wina ayende, aime, ayambe kulemba: "He stopped to write." Akaona ndi maso sasokonezanso.

Inde ndi ayi

Munthu akakufunsani kuti "Simusuta?" inu osasuta mumayankha kuti "Inde" kapena "Eya", kutanthauza kuti wanena zoona, sindisuta. Inde wathu amavomereza mawu a wofunsa. "Yes" wa Chingerezi satero. Iye amayenda ndi chiganizo chovomera, ndipo "no" amayenda ndi chiganizo chokana, kaya funso linabwera motani. Choncho funso loti "Don't you smoke?" kapena "You don't smoke, do you?" yankho la munthu wosasuta ndi "No, I don't."

Izi si zamasewera. Taganizirani mayi wachikulire amene wapita kuchipatala ndi chifuwa, namwino n'kumufunsa m'Chingerezi kuti "You don't smoke?" Mayiyo, kapena mdzukulu amene akumumasulira, n'kuyankha kuti "Yes." Namwino akhoza kulemba pa khadi kuti ndi wosuta. Mankhwala a vutoli ndi kuphunzitsa ana kuyankha ndi kachiganizo kathunthu, "No, I don't" kapena "Yes, I do", osati liwu limodzi lokha.

Funso lina lovuta ndi "Do you mind if I smoke?" Tanthauzo lake ndi loti kodi zikuvutani ndikasuta. Woyankha kuti "No" walola. Wosafuna utsi ayenera kunena "Yes, I do mind", kapena mwaulemu kwambiri, "I'd rather you didn't." Mwana wathu waleredwa kuti asakanize wamkulu pamaso, ndiye mpatseni mawu aulemu amene akhoza kuwatulutsa popanda mantha: "Excuse me, sir, the smoke makes me cough." "Could you please smoke outside?" Ulemu ulipo, koma uthenga wafika.

Zikwangwani ndi mapaketi

M'Zimbabwe lamulo lotchedwa Statutory Instrument 264 la chaka cha 2002 limaletsa kugulitsa fodya kwa ana osakwana zaka 18, limaletsa kusuta m'malo monga masukulu, zipatala ndi magalimoto onyamula anthu, ndiponso limalamula kuti pa paketi pakhale chenjezo. Mgwirizano wa mayiko wochepetsa kusuta fodya, umene WHO inakonza, unayamba kugwira ntchito mu 2005. Zimbabwe inalowa mu 2014 ndipo Malawi inalowa mu 2023. Zotsatira zake n'zakuti mwana amakumana ndi Chingerezi cha malamulo pa makoma ndi pa mapaketi, ndipo Chingerezi chimenechi n'cholimba.

"No Smoking" ndi chosavuta. Koma "Smoking is prohibited", "Smoking is forbidden" ndi "Smoking is not permitted" zonse zikunena chimodzimodzi, kuti kusuta n'koletsedwa. "Offenders will be prosecuted" ndi kuti ophwanya lamulo adzazengedwa mlandu. "Designated smoking area" ndi malo opatulidwa osutirako. "Not for sale to persons under the age of 18" ndi kuti osagulitsa kwa ana osakwana zaka 18. Pa machenjezo pamakhala mawu monga "danger", "warning", "harmful" ndi "hazardous", onse onena za kuopsa.

Liwu losokoneza kwambiri ndi "smoke-free". Ana amadziwa "free" ngati chaulere kapena ufulu, ndiye akawerenga "This is a smoke-free zone" ena amamva kuti pano sutani momasuka. Tanthauzo lake ndi lotsutsana ndi limenelo. "Free" akabwera kumapeto kwa dzina amatanthauza popanda: "sugar-free" ndi chopanda shuga, "smoke-free" ndi popanda utsi.

Liwu linanso ndi "light". Likhoza kukhala kuwala, kuyatsa, chopepuka, kapena moto woyatsira ndudu monga m'funso loti "Have you got a light?" Kwa zaka zambiri makampani ankalemba "light" kapena "mild" pa mapaketi ena, ndipo anthu ankaganiza kuti ndudu zimenezo n'zosaopsa kwenikweni. Si zoona. Zimawononga thupi ngati zinzake, ndipo n'chifukwa chake mgwirizano uja umapempha mayiko kuletsa mawu otere pa mapaketi. Ili ndi phunziro labwino kwa ana a sekondale la momwe otsatsa malonda amasankhira mawu.

Ntchito 2
Mukapita kutauni sabata ino, lembani m'kope zikwangwani zisanu zokhudza kusuta zimene muone m'basi, m'sitolo, kuchipatala kapena kumaofesi. Chilichonse chimasulireni m'Chichewa, ndipo mulembe mzere kunsi kwa liwu limene mwana wa Giredi 7 angalephere kulimva.

Mawu a mumsewu

Awa ndi mawu oti inu muwadziwe, osati owalemba pa tchati. "Ciggy", "a smoke" ndi "a stick" ndi mayina ocheza a ndudu. "A drag" ndi chimodzimodzi "a puff". Ku Britain anthu amatinso "fag", ndipo liwuli mungalipeze m'mabuku a nthano ochokera kumeneko. Ku America liwu lomweli ndi chipongwe choopsa chonyozera anthu ogonana amuna okhaokha. Mwana akalifunsa, muuzeni tanthauzo lake la m'bukumo, ndipo mumuchenjeze kuti asaligwiritse ntchito.

Kumbukiraninso kuti achinyamata akati "he smokes" nthawi zina sakunena fodya. Akhoza kutanthauza chamba, chimene ku Zimbabwe chimatchedwa mbanje, kumwera kwa Africa "dagga", ndipo m'mabuku "cannabis" kapena "marijuana". Palinso mawu atsopano. "E-cigarette" ndi kachipangizo ka batire kotenthetsa madzi amene kawirikawiri amakhala ndi nikotini, ndipo mneni wake ndi "vape". Liwuli linafala kwambiri moti a Oxford Dictionaries analisankha kukhala liwu la chaka cha 2014. "Shisha", "hookah" kapena "hubbly" ndi fodya wosutira mu chibotolo cha madzi chokhala ndi paipi. Mwana akhoza kukuuzani moona mtima kuti "I don't smoke" pamene amachita "vape", poti kwa iye ndi aneni awiri osiyana. Pofunsa, tchulani zonse ziwiri.

Mawu a zaumoyo

Awa ndiwo ofunika kuti mwana awalankhule ndi kuwalemba. "Nicotine" ndi mankhwala a mu fodya amene amachititsa munthu kulephera kuleka. Dzinali linachokera kwa Jean Nicot, kazembe wa France ku Portugal amene anatumiza fodya kwawo cha m'ma 1560. "Tar" ndi phula lakuda lomata m'mapapo. "Carbon monoxide" ndi mpweya wa poizoni umene umalanda malo a okosijeni m'magazi, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira. Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa.

Chibaba cha fodya ndi "craving". Munthu womangidwa ndi chizolowezi ndi "addicted", ndipo mperekezi wake ndi "to": "He is addicted to nicotine", osati "with" kapena "by". Wosuta kwambiri ndi "a heavy smoker", wosuta molumikiza ndudu ndi inzake ndi "a chain smoker", wosasuta ndi "a non-smoker", ndipo amene analeka ndi "an ex-smoker". Kupuma utsi wa wina ndi "passive smoking", ndipo utsiwo ndi "second-hand smoke". Ana amaseka akamva liwuli chifukwa "second-hand" amaidziwa pa kaunjika. Lolani aseke, fanizolo n'lothandiza: ndi utsi umene wina wagwiritsa kale ntchito. Matenda ake ndi "lung cancer", khansa ya m'mapapo, "heart disease", matenda a mtima, ndi "stroke", sitiroko.

Pa katchulidwe, samalani ndi l ndi r, poti m'Chichewa sizisiyanitsa tanthauzo. "Lighter" asamveke ngati "writer", ndipo "lung" asamveke ngati "rung". "Cough" amathera ndi f. "Breath" ndi dzina, "breathe" ndi mneni. Polemba, "cigarette" ali ndi r mmodzi ndi t awiri, "tobacco" ali ndi b mmodzi ndi c awiri.

Mawu a kumunda

Ku Matabeleland mvula ndi yochepa ndipo dera limadziwika ndi ng'ombe, koma ana ambiri a ku Bulawayo ali ndi abale kumadera a fodya. Zimbabwe imalima kwambiri "flue-cured tobacco" ku Mashonaland, woumitsidwa ndi kutentha kwa moto m'mabalani, ndipo misika yake ikuluikulu ili ku Harare. Malawi imadziwika ndi "burley", woumitsidwa ndi mphepo m'zigafa, wogulitsidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Nazale ndi "seedbed" kapena "nursery", belo ndi "bale", okushoni ndi "auction floors". Mawu awiri ndi osokoneza: "cure" apa ndi kuumitsa, osati kuchiza, ndipo "grade" ndi kusankha masamba, osati kalasi. Pali matenda otchedwa "green tobacco sickness", amene amagwira munthu nikotini ikalowa pakhungu pothyola masamba onyowa. Bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti mu 2018 losonyeza ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ya ku Zimbabwe akudwala motere.

Apa pafunika nzeru. Mwana wina m'kalasimo fizi yake yachokera ku belo la fodya. Wina bambo ake amasuta. Phunziro lanu lisakhale bwalo loweruzira makolo. Kambani za utsi ndi zimene umachita m'thupi, osati za khalidwe la bambo a uje. Ngati inu mwini mumasuta, ana amadziwa kale. Musasute pa sukulu, ndipo musatume mwana kukakugulirani.

Kakonzedwe ka phunziro

Kwa Giredi 6 ndi 7, mawu asanu ndi atatu kapena khumi akwana pa phunziro limodzi. Musabweretse ndudu m'kalasi. Zikwangwani zimene munakopera pa Ntchito 2 ndi zipangizo zokwanira. Yambani ndi mawu anayi a Chichewa aja, pitani ku zikwangwani, ndipo malizani ndi sewero la awiriawiri monga ili:

A: "Try it. Just one puff."
B: "No, thanks. I don't smoke."
A: "Are you afraid?"
B: "No, I just don't want to. Let's go and play football."

Mwana aliyense atenge mbali ya B kangapo, mpaka mawuwo azituluka okha. Wosewera A asagwire cholembera ngati ndudu, chifukwa kalasi imayamba kusangalala ndi wosutayo m'malo mwa wokanayo. Kwa a sekondale, apatseni kalata yolembera mkonzi wa nyuzipepala kapena mtsutso, ndipo tsiku labwino lochitira zimenezi ndi 31 May, "World No Tobacco Day".

Mwachidule

Taona kuti "smoke" ndi utsi, kufuka, kusuta ndi kuwamba. "Tobacco" sawerengeka koma "cigarette" imawerengeka. "Stop smoking" ndi kuleka, "stop to smoke" ndi kuima kuti usute. Funso lokana limayankhidwa ndi "No, I don't", ndipo "smoke-free" ndi popanda utsi. Zolakwa zambiri zimachokera ku kumasulira Chichewa liwu ndi liwu, choncho kuyerekeza zilankhulo ziwirizi poyera ndi njira yozichotsera.

Dziyeseni
1. Fotokozani chifukwa chimene wolankhula Chichewa amalembera "stopped to smoke" m'malo mwa "stopped smoking".
2. Mlendo wafunsa kuti "Do you mind if I smoke?" ndipo simukufuna. Lembani mayankho awiri aulemu.
3. Lembani chikonzekero cha phunziro la mphindi 30 pa zikwangwani zoletsa kusuta, ndipo mutumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi Ntchito 2.

Mayankho a Ntchito 1
a. "He bought three cigarettes."
b. "How many cigarettes are in a packet?"
c. "Smoking causes lung cancer, so do not start."
d. "My grandfather takes snuff."